Thanos ndi Darkseid: musanafunse wopambana, funsani bwalo

Mkangano wa Thanos wa m'makomiki a kampani ya Marvel ndi Darkseid wa kampani ya DC sutha, ndipo ine amene ntchito yanga ndi kulemba nkhani za makomiki ndimaona kuti ambiri amaulowera pakati. Wina akuti Thanos anangoliza zala theka la zamoyo n'kutheratu, mnzake akuti amwene Darkseid ndi mulungu, koma palibe akufunsa kuti ndewuyo ikuchitikira kuti. Pomwe nkhani yonse yagona pamenepo.

Ku DC multiverse, kutanthauza zilengedwe zambiri zokhalapo nthawi imodzi, inayamba ngati njira yothetsera vuto la mu ofesi. Anali ndi ma Flash awiri, Jay Garrick wa 1940 ndi Barry Allen wa 1956, ndiye mu 1961 Gardner Fox anangoti aliyense ali ndi dziko lake, maiko awiriwo ali malo amodzi koma amanjenjemera pa liwiro losiyana. Maiko anachuluka mpaka owerenga atsopano kumasokonezeka, ndiye mu 1985 Marv Wolfman ndi George Pérez anabweretsa mdani wamkulu wotchedwa Anti-Monitor mu Crisis on Infinite Earths kuti asese zonse patsale chilengedwe chimodzi. Mphamvu zake zinakula choncho chifukwa ntchito yomwe kampani inamupatsa inali yaikulu, basi.

Tsono tione chigolovesi chomwe chimamupatsa Thanos mphamvu, Infinity Gauntlet, cha miyala 6. Anthu amaiwala kuti miyalayi ili ndi malire, imalamulira nthawi, malo, maganizo ndi zina zonsezo koma m'chilengedwe chomwe inachokera chokha. Zili ngati mfumu, m'mudzi mwake ikagamula mlandu zatha, koma ikawoloka mtsinje ndi mlendo wamba. Umboni wake ndimaukonda kwambiri uli mu JLA/Avengers ya 2003, komiki yokumanitsa ngwazi za DC ndi za Marvel, yolembedwa ndi Kurt Busiek, pomwe Darkseid mwiniwakeyo anachipeza chigolovesicho ali kwawo ku Apokolips, anachivala, anaona kuti kumeneko sichigwira ntchito, n'kungochitaya. Mu 2013 Captain America anachigwiritsa ntchito pokankha dziko la chilengedwe china lomwe limafuna kuwombana ndi lathu, zinathekadi koma miyala inasweka pompo, umodzi wokha wa nthawi ndi umene unangosowa.

Darkseid nkhani yake ndi ina. Jack Kirby anamupanga mu 1970, ndipo pa mapu a multiverse omwe Grant Morrison anatulutsa mu 2014, Apokolips ili kunja kwa zilengedwe 52 zomwe DC inadzakhala nazo pambuyo pake, kudera la milungu. N'chifukwa chake mafana ake amati amene Superman amamuthira zibakera uja ndi chithunzithunzi chabe, weniweniyo ndi amene mu Final Crisis ya 2008 kugwa kwake kokha kunayamba kukokera multiverse yonse kudzenje. Mfundoyi ndi yoona m'mabukumo, koma tisanamizane, ndi pothawira pabwino kwa olemba, akagonja mumangoti sanali iyeyo.

Ku Marvel nakonso amatero. Jim Starlin, amene anapanga Thanos mu 1973, anadzalemba mu 2002 kuti Thanos anali ndi ma clone, anthu opangidwa ofanana naye ndendende, zomwe zinatsuka manyazi a ndewu zina zomwe anagonja. Dan Slott anaiseka nkhaniyi mu 2005, Squirrel Girl, mtsikana wa agologolo uja, anamugwetsa Thanos ndipo Watcher, amene ntchito yake ndi kuonerera zonse zochitika, anaima pomwepo kuchitira umboni kuti ndi weniweni osati clone. Anthu okonda kusanja ngwazi potengera mphamvu, a ma tier list, tsamba limeneli salifuna n'komwe.

Ndiye mukandikakamiza kuti ndisankhe, mu Earth-616, chilengedwe chachikulu cha Marvel komwe ndi kwawo kwa Thanos, miyala yonse ili kumanja, Thanos wapambana mosavuta. Mukamutulutsa kunja kapena kumulanda miyala, ine ndalama yanga ili pa Darkseid, chifukwa mphamvu zake sizili m'chinthu chovala.

Komanso awiriwa sali pamwamba penipeni. Living Tribunal, woweruza wa multiverse ya Marvel, anangolamula mu 1992 kuti miyala ija isagwirenso ntchito pamodzi ndipo pa nthawiyo inamvera. Iyeyonso anadzaphedwa ndi ma Beyonders, zamoyo zamphamvu za kunja kwa multiverse, ndipo mu Secret Wars ya 2015 ya Jonathan Hickman mphamvu zawo zinagwera kwa Doctor Doom, munthu chabe osati mulungu, wa ku dziko la Latveria. Thanos atamuyandikira wopanda chigolovesi n'kumadzitama, Doom anangomulowetsa dzanja pachifuwa n'kumuzula msana.