Ziboliboli za pa positi, msika womwe udabwera ndi likulu

Mukatsika minibasi ku depoti n'kuwoloka mlatho wa Lilongwe kulowera ku Old Town, simuyenda mtunda wautali musanakumane ndi njovu zitandandalikidwa pafupi ndi positi ofesi. Pali njovu, mvuu, akadyamsonga ataliatali, mbale zamtengo, mabawo, timapu ta Malawi tomangirira makiyi, ndi mipando ija ya mafumu yolowetsana matabwa awiri. Ambiri a ife timangodutsa, timati ndi za azungu. Eni katunduyo amadziwanso zimenezi. Ine ndikadutsa sadzuka n'komwe, koma pakangoima galimoto ya nambala ya CD, ya akazembe, aliyense amakhala atanyamula kanthu m'manja.

Alendo ambiri amachoka pamenepa akukhulupirira kuti agula chikhalidwe cha makolo athu. Luso la manja n'la makolodi, koma njovu yamtengoyo si yakale choncho. Msika umenewu ndi mwana wa likulu, ndipo wakula nalo limodzi.

Agogo anga aamuna anali mmisiri wosema kwathu chakumwera kwa Lilongwe, njira ya ku Mitundu. Zida zawo zinali nkhwangwa, nsompho ndi kasemasema, ndipo nsomphoyo sankalola mwana aliyense kuikhudza. Ankasema mitondo ndi minsi, mipini ya makasu, mithiko, zipande, nthawi zina ng'oma akapemphedwa ndi a mfumu. Njovu sadasemepo chibadwire. Tsiku lina msuweni wanga atabwera nako kamvuu kamtengo kuchokera m'tauni, agogo adakatembenuza uku ndi uku, n'kuyamikira kuti wosemayo ali ndi dzanja labwino. Kenako adafunsa kuti, "Nanga ntchito yake n'chiyani?" Palibe adayankha.

Kumudzi chinthu chopangidwa ndi manja chinkakhala ndi ntchito. Amayi ankaumba miphika, mitsuko ndi mbiya, n'kuziwotcha okha kuseri kwa mudzi. Abambo ankaluka malichero, madengu ndi nkhokwe za nsungwi, mphasa za bango, mikeka ya mlaza. Mtengo wa mphika nthawi zambiri unali chimanga chodzaza mphika womwewo. Luso lina, lozama kuposa ili, linali la kudambwe, ndipo pamenepo sindinena zambiri, odziwa akudziwa. Chomwe aliyense angavomereze n'chakuti zilombo za gule sizinkapangidwira malonda kapena kukongoletsa nyumba ya munthu. Ngakhale zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zomwe bungwe la UNESCO lidaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zambiri zikukhudzana ndi chinamwali, kupempha mvula ndi maliro. Makolo sankajambula kuti wina adzagule.

Lilongwe wa nthawi imeneyo sakanatha kudyetsa wosema ziboliboli. Idakhala boma la atsamunda mu 1904, n'kumakula pang'onopang'ono ndi malonda a fodya komanso masitolo a amwenye tsidya la Bwalo la Njovu. Pa kalembera wa 1966 munali anthu ongopitirira pang'ono 19,000. Likulu linali ku Zomba, ndalama zinali ku Blantyre, ndipo mlendo wofuna kuona dziko ankapita kunyanja kapena kumapiri a kumwera.

Zinthu zidatembenuka Kamuzu atalimbikira zosamutsa likulu. A ku Britain sadafune kuikapo ndalama zawo, ndiye ngongole yoyambira idachokera ku South Africa, dziko lomwe maiko ambiri a mu Africa ankalisala chifukwa cha tsankho. Bungwe lomanga mzindawu, la Capital City Development Corporation, lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo mu 1975 Lilongwe idakhala likulu. Pofika 1977 anthu anali atatsala pang'ono kukwana 99,000. Akazembe adasamukira kuno, mabungwe othandiza adatsegula maofesi, Capital Hotel idamangidwa, ndipo mu 1983 bwalo la ndege la ku Lumbadzi lidatsegulidwa. Mwadzidzidzi mumzinda mudadzaza anthu okhala zaka ziwiri kapena zitatu n'kubwerera kwawo, aliyense akufuna kanthu kokaonetsa abale kuti adalidi ku Africa.

Nanga bwanji pa positi, osati ku Capital Hill kapena ku City Centre komwe kudamangidwa maofesi atsopano? Aliyense woyenda pansi mu Lilongwe akudziwa yankho. Mzinda watsopanowo adaukonzera anthu a magalimoto. Nyumba n'zotalikirana, pakati pali tchire ndi kapinga, ndipo ikangokwana 5 koloko kumakhala zii. Moyo udatsalira ku Old Town, komwe kuli msika, mabanki, masitolo ndi Lilongwe Hotel. Komanso ana a masiku ano sangamvetse kuti positi inali chiyani kusanabwere intaneti. Mzungu aliyense, kaya ndi kazembe, mphunzitsi wongodzipereka kapena woyenda ndi chikwama kumsana, ankayenera kufika pamenepa kudzagula masitampa, kutumiza makalata ndi kufunsa ngati kwabwera phasulo lake. Wogulitsa sankafunika kusaka kasitomala, ankangoyala katundu pakhomo pomwe kasitomala sangalephere kudutsa. Ndipo wogula akatenga chinthu chachikulu, potumizira pake panali pomwepo.

Wogulayo ndi amene adaumba maonekedwe a katundu. Tayang'anani mpando wa mfumu uja. Thabwa lotsamira lili ndi bowo, thabwa lokhalira limalowa m'bowomo, ndipo mukazula zimagona pamodzi bwinobwino kuti zikulungidwe m'katoni n'kukwera ndege. Tebulo la miyendo itatu yolukanalukana, yosemedwa kuchokera ku chipika chimodzi popanda msomali kapena guluu, nalonso limapindika. Mmisiri amene amatha kutulutsa miyendo imeneyi osaithyola ndi katswiri weniweni, ndipo ine ndimamuvulira chipewa. Koma mfumu ya kwathu sindidaionepo itakhala pa mpando wotero pa bwalo la milandu.

Kadyamsonga ndiye amandiseketsa. Ndi chimodzi mwa ziboliboli zoyenda malonda kwambiri, chonsecho nyamayi si ya m'nkhalango zathu. Ku Majete adachita kukaitenga kwina mu 2018. Osema athu anali atagulitsa kale akadyamsonga osawerengeka, ambiri a iwo asanamuonepo ndi maso. Ankasema chifukwa alendo ankafunsa. Momwemonso mudzapeza zosema za anthu okwerana pamapewa, zomwe ndi luso la Amakonde a ku Mozambique ndi Tanzania, ngakhalenso ankhondo aatali onyamula mikondo ofanana ndi a ku Kenya. Amalonda a ziboliboli amayenda, amafika ku Johannesburg ndi Cape Town, amaona chomwe chikutuluka msanga, n'kubwera kudzauza mmisiri kuti sema chotere. Ndipo ambiri mwa amene mumawaona pa positi si osema ayi. Katundu amabwera wosasalala kuchokera kumidzi ndi kumaboma ena, iwo ntchito yawo ndi kukwecha ndi sandipepa, kupaka polishi ndi kunenerera.

Njira ina idatsegulidwa ku Mua, m'boma la Dedza, komwe ansembe a White Fathers adakhazikitsa mishoni mu 1902. Mu 1976 bambo Claude Boucher a ku Canada, omwe Achewa adawapatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a KuNgoni ophunzitsirapo kusema. Kumeneko osema ankalimbikitsidwa kuika pa mtengo moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao: chinamwali, maliro, nthano, komanso nkhani za m'Baibulo zokhala ndi nkhope za anthu akuda. Chosema cha ku Mua mumachizindikira msanga, mtengo umodzi umanyamula nkhani yonse. Ena mwa akuluakulu a gule sadakondwe kuona za kudambwe zili poyera mu nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, ena adati bola zasungika. Mkangano umenewo sudathe, ndipo umadzukanso mukaona chigoba chili pa malonda m'tauni. Wogulitsa amakuuzani kuti n'chongosemera alendo, sichidalowepo m'bwalo. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona, ngakhale atachipaka dothi ndi utsi kuti chioneke chakale.

Mkangano waukulu masiku ano ndi wa mitengo. Mfumu ya mitengo yosemera ndi phingo: kunja koyererako, mtima wakuda bii, wolemera moti sungayandame pa madzi, wolimba moti umabunthitsa chitsulo. Umamera kumalo otentha ndipo umatenga zaka makumimakumi kuti mtima wake ukule. Pali mlombwa, mbawa ndi muwanga, koma mlendo amafuna chakuda.

Ine ndidaphunzira ndi ndalama zanga. Mnzanga wa kuntchito ankabwerera kwawo, ndiye ndidakamugulira mbale yamtengo yakuda bwino. "Achimwene, ameneyu ndi phingo weniweni?" Mnyamatayo adalumbira. Ndidaikumbatira pachifuwa mu minibasi kukutentha, ndipo pofika ku Area 25 shati langa loyera linali ndi chizindikiro chozungulira ngati mwezi wakuda. Unali polishi wa nsapato. M'mawa mwake nditabwerera, mnyamatayo anali atazimiririka, koma bambo wina wachikulire woyandikana naye adandikhazika pa benchi. Adandipatsa timinjovu tiwiri, kamodzi kudzanja lililonse. Kena kanali kopepuka, kena kolemera ngati mwala. Kenako adakanda pansi pa phazi la kopepukako ndi nsonga ya mpeni, ndipo mudatuluka moyera. "Bwana, phingo sabisala," adatero. "Mukafuna weniweni yang'anani pomwe wosema wasiya kachigamba koyera ka kunja. Ndipo musamayembekezere kumugula pa mtengo wa nkhuni."

Kusowa kwa phingo si nkhani ya kuno kokha. Kuyambira mu 2017 mitengo yonse ya mtundu wake ili pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa maiko, pangano lomwelo lomwe lidaletsa malonda a minyanga ya njovu mu 1989. Timabokosi tonunkhira ta mkungudza tili ndi nkhani yomvetsa chisoni kuposa apa. Mtengowu, womwe mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, udasankhidwa kukhala mtengo wa dziko mu 1984, koma kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonselo.

Osema akamva zoti akutha nkhalango amapsa mtima, ndipo ali ndi mfundo. Amati tawerengani matumba a makala olowa mu Lilongwe pa njinga m'bandakucha uliwonse. Boma lidachita kutumiza asilikali ku Dzalanyama mu 2015 chifukwa cha makala, osati chifukwa cha njovu zamtengo. Chipika chimodzi chimadyetsa banja la wosema kwa masabata, pomwe wowotcha makala amagwetsa mitengo yambiri kuti apeze ndalama ya masiku ochepa. Zonsezo n'zoona. Koma wamakala sasankha, pomwe wosema amalondola mtengo umodzimodzi womwe sumera msanga, ndipo akaudula sabzala wina. Ndi chifukwa chake polishi wachuluka pa msika.

Za malo ndi za khonsolo ndingodutsapo. Chichokereni Operation Dongosolo ya mu 2006, pomwe mavenda adachotsedwa m'misewu ya m'mizinda, aliyense wogulitsa panja amakhala ndi khutu limodzi kumsewu. Chomwe chidawagwedeza kwenikweni a ziboliboli ndi 2020, ndege zitaima kuyambira Epulo mpaka Seputembala chifukwa cha Covid-19. Ndidadutsapo masiku amenewo. Njovu zinali zitachita fumbi, eni ake atakhala chete pansi pa mtengo. Apo m'pomwe zidaonekera poyera kuti msika wonsewu udamangidwa pa munthu wotsika ndege.

Chonsecho mzindawu, womwe pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu pafupifupi 990,000, umagula za manja tsiku ndi tsiku. Mthiko ndi lichero za mumsika waukulu, mbaula ndi ndowa zokhomedwa ndi amisiri a malata, mabedi ndi makabati a ku Mchesi, mipando yoluka yoyalidwa m'mbali mwa misewu, madiresi ndi zikwama za chitenje. Zimenezi sitizitcha luso, timangoti katundu. Pa positi timapitapo pokhapokha ku ofesi kukakhala kutsanzikana ndi bwana, tikasonkherana n'kukagula wotchi ya mapu a Malawi yolembedwa dzina lake.

Bambo wachikulire uja ndidamupezanso mwezi watha. Kumbuyo kwa katundu wake, pansi, anyamata awiri ankasewera bawo pa thabwa lakale lotuwa, lopanda polishi ngakhale chokongoletsa chilichonse, maenje ake atasalala ndi zala, ngodya imodzi itamangidwa ndi waya. Nkhomo zina zidasowa, adalowetsamo timiyala. Kutsogolo kunali mabawo atsopano oposa khumi, opindika, osemedwa njovu ndi mikango pachivundikiro. Ndidaloza lakalelo n'kufunsa mtengo.

"Limenelo ayi, bwana," adatero madalawo, osadzutsa n'komwe mutu. "Limenelo ndi lathu losewerera."