Makina a madola 99 amene sanapulumutse HD DVD

Pa 2 Novembala 2007, masitolo a Walmart ku America anagulitsa makina a Toshiba oonetsera mafilimu a HD DVD pa mtengo wosakwana madola 99. Anthu anakhamukirako, poti chaka ndi theka m'mbuyomo makina oyamba a mtunduwu ankagulidwa madola 499. Ambiri anabwerera kwawo akudziwa kuti atola mwayi. Pasanathe miyezi inayi, Toshiba inalengeza kuti yasiya kupanga makinawo.

Mkangano wa HD DVD ndi Blu-ray, mitundu iwiri ya zimbale zolimbirana kulowa m'malo mwa DVD, unayamba kale. Ma TV oonetsa zithunzi zowala kwambiri atayamba kuchuluka, chimbale cha DVD chinachepa malo. Sony, Panasonic, Philips ndi anzawo analengeza za Blu-ray mu 2002, chimbale chonyamula 25 GB pa muyalo umodzi. Toshiba ndi NEC anabweretsa HD DVD, cha 15 GB. Kuchepa kwa maloko Toshiba sikunaidetse nkhawa, chifukwa kapangidwe ka chimbale chake kanali kofanana ndi ka DVD, moti mafakitale akale ankangofuna kusintha pang'ono, pamene Blu-ray inkafuna makina atsopano odula. Mu 2005 mbali ziwirizi zinakhala pansi kuti zigwirizane pa chimbale chimodzi, koma zinalephera. Mbali iliyonse inkafuna kuti ndalama za chilolezo, zimene wopanga makina ndi zimbale aliyense amalipira, zizilowa m'thumba mwake.

Choncho Toshiba inasankha kulimbana pa mtengo. Mu Epulo 2006 inatulutsa HD-A1 ya madola 499 ija, ndipo patapita miyezi iwiri Samsung inatulutsa makina oyamba a Blu-ray pa madola 999. Akatswiri a kampani ya iSuppli atamasula HD-A1 n'kuwerengera zipangizo zake, anapeza kuti zinali zodula kuposa mtengo umene wogula ankalipira. Toshiba inkaluza dala pa makina alionse, poyembekezera kuti idzabweza ndalamazo nyumba zambiri zikadzakhala ndi HD DVD.

Sony nayo inkaluza dala, koma mochenjera. Mu Novembala 2006 inatulutsa PlayStation 3, ya madola 499 ndi ina ya 599, ndipo iliyonse inali ndi Blu-ray mkati. Mnyamata wogula makina a magemu ankapezeka kuti ali ndi makina oonetsera mafilimu amene sanawafune n'komwe, ndipo tsiku lina ankagula chimbale chimodzi kuti ayesere. Microsoft, imene inali mbali ya Toshiba, inagulitsa chipangizo cha HD DVD cholumikiza ku makina ake a magemu a Xbox 360 pa madola 199, koma poti chinali chogula padera, anthu ochepa okha ndiwo anachifuna. Sony inalinso ndi bala lakale: pa mkangano wa matepi a vidiyo, Betamax yake inagonja kwa VHS, ndipo pofika nthawiyi inali ndi kampani yakeyake ya mafilimu, Columbia, imene inaigula mu 1989.

Apa ndiye panali vuto la Toshiba. Makina otchipa alibe ntchito ngati filimu imene munthu akuifuna ilibe chimbale cholowa m'makinawo. M'sitolo, zimbale za HD DVD zinkakhala m'mabokosi ofiira, za Blu-ray m'mabokosi a buluu, ndipo wogula ankaima pakati pa mashelefu awiri: mafilimu a Disney, Fox ndi Sony ali ku buluu kokha, a Universal ali kofiira kokha. Mu Ogasiti 2007 Paramount ndi DreamWorks Animation zinasamukira kofiira, ndipo nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti zinalonjezedwa zinthu zokwana madola pafupifupi 150 miliyoni. Ngakhale zinali choncho, chaka chonsecho ku America zimbale za Blu-ray zinkagulidwa pafupifupi ziwiri pa chimbale chimodzi cha HD DVD.

Warner Bros. ndi imene inkatulutsa mafilimu ake mbali zonse ziwiri. Pa 4 Januwale 2008, kutangotsala masiku ochepa kuti chionetsero cha zipangizo zamagetsi cha CES chiyambe ku Las Vegas, inalengeza kuti itsala ndi Blu-ray yokha. A HD DVD anaimitsa msonkhano wawo wa atolankhani. Toshiba inachitanso chomwe inkadziwa: inatsitsa mtengo wa makina ake a HD-A3 kuchoka pa madola 299 kufika pa 149. Sizinathandize. Pa 11 Febuluwale Netflix, imene panthawiyo inkabwereketsa zimbale za mafilimu, ndi masitolo a Best Buy zinasankha Blu-ray, pa 15 Walmart yomwe ija inatsatira, ndipo pa 19 mkulu wa Toshiba, Atsutoshi Nishida, anavomereza kuti zatha.

Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi ndi anthu amene anakopeka ndi mtengo. Olemera ankatha kugula makina a LG oonetsa zimbale zonse ziwiri pa madola 1,199, kapena kungogula onse awiri. Amene anathamangira a madola 99 kapena 149 anali anthu owerengera ndalama, ndipo ndiwo anatsala ndi makina opanda mafilimu atsopano. Best Buy inapatsa makasitomala ake khadi logulira zinthu la madola 50, ndipo mu 2009 Warner inalola anthu kusinthitsa zimbale zake zofiira ndi za buluu polipira kandalama pang'ono. Chaka chomwecho, Toshiba inayamba kugulitsa makina akeake a Blu-ray.