Lekani kusanja enum motsatira dzina kapena malo ake

Ndatopa kuona cholakwika chomwechi m'mapulogalamu a achinyamata amene amadzandionetsa ntchito zawo kuno ku Nchalo. Munthu walemba enum (mndandanda wa mayina okhazikika m'pulogalamu) ya magulu atatu, MWACHANGU, PAKATI ndi ANGADIKIRE, kenako posanja akusandutsa chilichonse kukhala mawu wamba. Kompyuta imangotsata alifabeti, ndiye ANGADIKIRE amakwera pamwamba chifukwa cha A. Ukakhala mndandanda wa mabanja okhudzidwa ndi madzi osefukira ku Makhanga kapena ku Bangula, amene nyumba yawo yagwa atsalira kumbuyo kwa amene madzi angowanyowetsera khonde.

Ambiri akamva izi amathamangira ku ordinal, nambala ya malo amene dzina lili mu enum. M'chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Java, compareTo ya enum, yomwe imayerekeza mayina posanja, imatsata momwe munandandalikira mayinawo, kuyambira pa 0. Mu C#, OrderBy, yomwe imasanja mndandanda, imatsata nambala yomwe ili kuseri kwa dzinalo. Python imakana kusanja Enum wamba, imaponya uthenga wa cholakwika wotchedwa TypeError, pokhapokha mugwiritse ntchito IntEnum (enum ya manambala) kapena muuze sorted, chida chake chosanjira, kuti iyang'ane value, nambala imene munapatsa dzinalo. Zimagwira ndithu, koma pali nkhani imodzi imene imandiwawabe mumtima.

Namondwe Freddy atadutsa mu 2023, bungwe lina linandiitana kukaona pulogalamu yawo yolembera mabanja m'misasa. Database, nkhokwe yosungira zolembedwazo, inkasunga nambala ya ordinal, monga JPA (chida cha Java cholumikizira pulogalamu ndi database) imachitira mukapanda kuiuza EnumType.STRING, kutanthauza kuti isunge dzina. Wina anawonjezera gulu latsopano, OLUMALA, pakati pa MWACHANGU ndi PAKATI. Basi, nambala zinasuntha. Aliyense wa PAKATI anayamba kuoneka ngati wolumala, a ANGADIKIRE nawo n'kukwera pa PAKATI. Pulogalamu sinadandaule n'komwe. Anazindikira ndi mfumu, pa tsiku logawa ufa, itaona maina a anyamata amphamvu zawo akuitanidwa limodzi ndi agogo oyenda ndi ndodo.

Njira yabwino ndi iyi: patsani gulu lililonse nambala yakeyake ya kufunika, 10, 20, 30, kuti pakhale mpata wolowetsa china pakati. Mu Java, sanjani ndi Comparator.comparingInt pa nambala imeneyo, ndipo mu database sungani dzina.

Chonde musadikire mvula ya Disembala. Madzi a Shire ndi Ruo akakwera, palibe amene adzakhale ndi nthawi yofufuza manambala osokonekera, ndipo ngati mulibe backup (kope losungidwa padera) yakale, muyambiranso kulemba khomo ndi khomo. Samalaninso ndi aganyu amene amakopera mapulogalamu a ena pa intaneti, alandire ndalama, foni n'kuzimitsa. Musanamulipire waganyu, muuzeni awonjezere gulu latsopano pakati pa enum inu mukuona, kenako atsegule mndandanda wakale muone ngati maina akadali m'magulu awo.