Ku nyanja yamchere musalowere pomwe paoneka bata

Chaka chikamapita kumapeto, mafunso omwe ndimalandira ngati mphunzitsi wa kusambira kuno ku Chipata amasintha. Wina akupita ku Dar es Salaam kukatenga galimoto yomwe anaitanitsa ku Japan, ndipo akuti akapondako pa Coco Beach. Wina wanyamula banja lonse wa ku Durban. Achinyamata ena amadzera ku Katete, kutulukira pa Chanida, kudutsa Tete mpaka kukafika ku Tofo, kufupi ndi Inhambane, komwe alendo amadzaza ndi mathabwa awo okwerera mafunde. Pafupifupi onse amanena chimodzi: "Aphunzitsi, ine kusambira ndimatha, ndinakulira pa Lutembwe."

Sindiwatsutsa. Koma madzi a m'damu amangokhala, ndipo mtsinje umalowera mbali imodzi yomwe mukuiona ndi maso. Nyanja yamchere ili ndi mitsinje yake yobisika yomwe imachoka pagombe kulowera pakati, ndipo mlendo amaitenga ngati malo abwino osambira.

Zimachitika chonchi. Pafupi ndi gombe, pansi pa madzi, pamakhala chitunda cha mchenga chotalika motsata gombelo. Mafunde akafika pa chitundacho amasweka, n'kuthira madzi ochuluka kutsogolo kwake. Funde lina likubwera, linanso lili pambuyo, ndiye madzi aja amaunjikana, ndipo ayenera kupeza pobwererera. Aliyense amene analimapo akudziwa zomwe mvula yamphamvu imachita m'munda: madzi amadzaza kuseri kwa mzere, kenako amaboola pamalo amodzi pofooka, onse n'kuthamangira pomwepo. M'nyanja namonso madzi amaboola chitunda, n'kukumba ngalande yolunjika kwakuya. Pazikwangwani za m'magombe mudzaona atalemba kuti rip current.

Tsoka lake ndi maonekedwe. Popeza m'ngalandemo ndi mozama, mafunde sasweka pamenepo. Kumanzere thovu loyera, kumanja thovu loyera, pakati mpata wamadzi akuda bii, osalala. Mayi yemwe akuopa mafunde amauza ana kuti, "Kasambireni apo, pali bata." Musanavule nsapato, imani pamalo okwera, muyang'ane madzi kwa mphindi zingapo. Mpata umenewu ukakhalapo mudzauona. Nthawi zina madzi ake amakhala ovunduka ndi mchenga, ndipo thovu, zinyalala kapena ndere zimaoneka zikuyenda kuchoka kumtunda pomwe mafunde ena onse akubwera kumtunda.

Palinso china chomwe chimanyenga alendo pa magombe ngati la Tofo ndi a ku Durban. Mudzaona anyamata a mathabwa akulowera pampata womwewo, akupalasa ndi manja mosavutika, posakhalitsa ali kutali. Amachita dala. Akudziwa kuti madzi obwererawo awanyamula ulere mpaka kuseri kwa mafunde. Iwo agona pa thabwa loyandama lomwe amangirira kumwendo ndi chingwe, inu muli ndi mapapo anu okha. Pomwe alowera iwo, inu pewanipo. Pobwera ndi funde amathamanganso kwambiri, ndipo thabwa lili ndi nsonga kutsogolo ndi zipsepse zakuthwa pansi. Wongoyamba kuphunzira sangalikhotetse kuti azembe mutu wanu.

Liwiro la madzi obwererawa nthawi zambiri limakhala cha pa theka la mita pa sekondi, koma akakwiya amapitirira mamita 2 pa sekondi. Akatswiri a pa Olympics amasambira mamita 50 m'masekondi pafupifupi 21, ndipo liwiro limenelo salisunga kupitirira apo. Ndiye inu ndi ine tikalimbana nawo madziwo maso ndi maso, tagonja kale tisanayambe. Anthu ambiri amamira chifukwa chotopa. Madziwo sakokera munthu pansi, amangomuchotsa pagombe, ndipo akadutsa pomwe mafunde akuswekera mphamvu yake imatha.

Mukamva kuti mchenga wachoka kuphazi ndipo gombe likutalikira, gonani chagada, tambasulani manja, mupume. Madzi amchere amayandamitsa thupi kuposa a pa Lutembwe, poti lita imodzi imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35. Kwezani dzanja limodzi kuti akuoneni. Ngati mphamvu zilipo, sambirani chopingasa, motsata gombe, kulunjika komwe kuli thovu loyera. Ngalandeyo kawirikawiri siikhala yotakata, ndipo mukatulukamo mafunde omwewo amakukankhirani kumtunda. Kugona chagada kumeneku phunzirani muli konkuno, m'dziwe losaya, pali wina wokuyang'anirani. Munthu akamwa madzi amchere kamodzi n'kutsamwa, mutu sugwiranso chatsopano.

Pa magombe okhala ndi ma lifeguard, anthu olembedwa ntchito yopulumutsa osambira, ntchito yoyang'ana madzi akuchitirani kale. Amazika mbendera ziwiri zofiira ndi chikasu, ndipo pakati pa mbenderazo ndi pomwe maso awo ali. Ku Durban pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere pamakhala podzaza moti mumagundana mapewa, ndipo mtima umafuna kusuntha pang'ono kukapeza pa phee. Pirirani, khalani pagulupo. Mbendera yofiira yokhayokha ikutanthauza kuti madzi ndi oopsa, ndipo ya mabokosi akuda ndi oyera ikusonyeza malo a mathabwa. Wakuimbirani wezulo musamuone ngati wachipongwe. Mbenderazo amazisuntha masana chifukwa ngalande zimasintha nyanja ikamadzaza ndi kuphwera.

Kudzaza ndi kuphweraku ife a kumtunda sitikudziwa, ngakhale amene tinazolowera ku Senga Bay. Mwezi ndi dzuwa zimakoka madzi a m'nyanja, moti amakwera ndi kutsika kawiri patsiku, maola pafupifupi 6 kukwera, enanso 6 kutsika, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, kusiyana kwake kumakula. Ku Paje, kum'mawa kwa Zanzibar, madzi akaphwera amathawa kutali zedi, munthu n'kumayenda pamchenga wonyowa akutola zigoba. Pobwera sayamba ndi pomwe mwaima. Amayamba adzaza makwawa omwe ali kumbuyo kwanu, mukamatembenuka njira yatsekeka. Funsani eni dera nthawi yomwe madzi abwerere, ndipo valani nsapato za pulasitiki chifukwa m'miyala muli tizilombo taminga tomwe timathyokera m'phazi.

Za zovala ndinenepo, poti ife ambiri timalowa m'madzi titavala zapamsewu. Jinzi ikanyowa imalemera ndi kumanga maondo. Chitenje chimatambasuka m'madzi, funde likabwera chimazinga miyendo. Ngati kuvala zosambirira kukuchititsani manyazi, kabudula wothina ndi sikipa yopepuka n'zokwanira. Musapatse nyanja msana, ndipo musadumphire chamutu pomwe simukudziwa kuya kwake, chifukwa khosi limathyoka pamchenga. Mowa usiyeni mpaka mutatuluka komaliza.

Khamu la anthu limapusitsa makolo. Aliyense amaganiza kuti wina akuona mwana, pomwe mwana akamamira sakuwa. Pakamwa pamangotuluka ndi kulowa m'madzi, manja akupalasa m'mbali, ndipo wapafupi amayesa akusewera. Mwana wamng'ono akhale pomwe dzanja lanu lingamufikire, ndipo akuluakulu muzisinthana: uyu akuyang'anira, foni ili m'chikwama.

Wina akatengedwa inu mukuona, thamangirani kwa lifeguard kapena kuwani kuti a mathabwa amve, chifukwa iwo amafika msanga ndipo ali ndi chogwirira. Nthawi zambiri amene amamira ndi wachibale yemwe analumphira chimanjamanja, pomwe wotengedwa uja wapulumuka. Ku South Africa bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI linayamba mu 2017 kupachika zoyandamira zapinki pamitengo m'magombe ambiri, ndipo aliyense ndi wololedwa kuzitenga pangozi. Komwe kulibe, chigubu chopanda kanthu chotseka bwino kapena cooler box imagwira ntchito. Muponyereni m'ngalande momwemo, madzi amufikitsira okha.