Lamulo la kasupuni kamodzi ka mchere: mafunso ndi mayankho kwa a ku Chikwawa ndi Nsanje

Kodi lamulo limeneli likuti chiyani kwenikweni?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku. Ameneyu ndi mchere wodzaza kasupuni ka tiyi kamodzi, kosalaza pamwamba, osati kolundika. Muyesowu si wa mbale imodzi ayi. Ndi wa tsiku lonse, kuyambira phala la m'mawa mpaka ndiwo za usiku, kuphatikizapo mchere umene wabwera kale m'chakudya chogula. Ana afunika wochepera pamenepo.

Mchere ukukhudzana bwanji ndi BP (kuthamanga kwa magazi)?

Mchere umakoka madzi. Ukachuluka m'thupi, madzi amachuluka m'magazi, ndipo mtima umapopa mwamphamvu m'mitsempha yomwe ija. Zikatero kwa zaka, mitsempha imauma ndi kuwonongeka. Wa mu ubongo ukaphulika kapena kutsekeka ndiye sitiroko ija, munthu kufa mbali imodzi. Impso nazo zimatopa, mtima n'kukula. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu m'modzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Matendawa sapweteka poyamba. Ndi chifukwa chake timaumirira kuti muyezetse ngakhale mukudzimva bwino. Makina akamaonetsa 140/90 kapena kuposa apo pa masiku osiyana, imeneyo ndi BP yokwera.

Tikuphika mphika umodzi wa banja lonse. Tiyeza bwanji?

Werengani paketi, osati zala. Banja la anthu 6 lisadutse magalamu 30 pa tsiku, ndiye kuti paketi ya magalamu 500 iyenera kudutsa masiku 16. Ikamatha pa sabata imodzi, mukudya mchere wowirikiza kawiri n'kupitirira. Ndipo popeza mchere wina umalowa kudzera mu nsomba ndi zogula, cholinga chabwino n'chakuti paketiyo iyandikire mwezi.

Chitani chonchi: m'mawa tapani mchere wa tsikulo ndi supuni, muuike m'kambale, paketi mubise. Kambaleko kakatha, kwatha. Thirani mchere ndiwo zitatsala pang'ono kupsa, mutalawa kaye. Pa mkeka pasakhale mchere wowonjezera, chifukwa dzanja limapita lokha munthu asanalawe n'komwe.

Nanga mchere wobisika uli kuti?

Kuno kuchigwa, woyamba ndi wa nsomba. Mlamba wowamba ndi utsi wokha ulibe vuto lalikulu, koma nsomba yong'ambidwa n'kupakidwa mchere kuti isaole ndi kutenthaku ikhoza kukwanitsa yokha muyeso wa tsiku lonse. Mukaiona yayera mbuu pamwamba, iviikeni m'madzi ofunda kwa theka la ola, mutaye madziwo, mutsukenso, ndipo mumphikamo musathirenso mchere.

Wachiwiri ndi timakyubu tokometsera ndiwo ndi zokometsera zaufa za m'mapaketi. Mbali yaikulu ya timeneti ndi mchere. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kuponya kakyubu kenako n'kuthiranso mchere wa masiku onse. Sankhani chimodzi.

Wachitatu ambiri samuganizira: soda wa therere ndi nkhwani. Mu soda muli sodiyamu, chinthu chomwecho chimene chimakweza BP mu mchere, ndipo amaononganso mavitamini ena a m'masamba. Masamba anthete amapsa okha opanda soda. Onjezani apa buledi, soseji, tchipisi cha pachiwaya ndi tokhwasula ta ana ta m'mapaketi. Paketi ikalemba kuchuluka kwa sodiyamu, chulukitsani nambalayo ndi 2.5 kuti mupeze mchere wake.

Palinso madzi. Mijigo ina ya m'chigwa cha Shire imatulutsa madzi amchere, ndipo amene amamwa amawadziwa ndi lilime. Ngati pali mjigo wina wa madzi okoma, akumwa ndi ophikira azichokera kumeneko, amcherewo akhale ochapira. Koma musathawire ku madzi a mumtsinje osathira mankhwala, kolera ndi yoopsa msanga kuposa mchere.

Kuno kumatentha, timatuluka thukuta kwambiri. Sitifunika mchere wambiri?

Funsoli ndi lomveka kwa munthu amene waona dzuwa la Okutobala ku Ngabu kapena ku Bangula. Thukuta limatayadi mchere, koma thupi lozolowera kutentha limaphunzira kuusunga, ndipo chimene chimatayika kwambiri ndi madzi. Kwa anthu ambiri yankho ndi kumwa madzi pafupipafupi. Wodula nzimbe ku Nchalo kapena wolima tsiku lathunthu padzuwa amataya wochulukirapo, ndipo akamamva kukokana kwa minofu kapena chizungulire akaonane ndi achipatala m'malo mongodzithirira mchere wodzaza dzanja. Wotsegula m'mimba, makamaka mwana, amwe Thanzi ORS monga mwa malangizo. Lamulo la kasupunili silikuletsa zimenezo.

Ndiwo sizikhala zosakoma?

Masabata oyambirira mudzamva kusiyana, kenako lilime limazolowera. Chepetsani pang'onopang'ono osalengeza. Tomato, anyezi, adyo, tsabola, mandimu, bwemba, nsinjiro ndi chitowe chokazinga zimadzutsa ndiwo bwino lomwe.

Kupatula mchere, mbale izioneka bwanji?

Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. WHO imati masamba ndi zipatso zifike magalamu 400 pa tsiku. Zimenezi pamodzi ndi khobwe, nandolo, mbatata ndi nthochi zili ndi potaziyamu amene amathandiza kutsitsa BP. Masau, malambe ndi mango a nyengo yake amawerengedwa. Nsima ya mapira, ya mchewere kapena ya mgaiwa imasunga gaga amene ufa woyera wataya, ndipo gagayo amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Shuga wothira asadutse magalamu 50 pa tsiku, timasupuni pafupifupi 12, ndipo kutsika mpaka 6 n'kwabwino koposa. Botolo limodzi la chakumwa chotsekemera la mamililita 300 limatha kukhala ndi timasupuni 8. Odwala impso afunse kaye kuchipatala asanachulukitse nthochi ndi nyemba, chifukwa impso zofooka zimalephera kutulutsa potaziyamu.

Ndiye tingosiya mchere wonse? Nanga mankhwala?

Musasiye. Mchere wa m'paketi uli ndi ayodini amene amateteza ku chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana ali m'mimba. Gulani wolembedwa kuti uli ndi ayodini, muusunge m'chitini chotseka kutali ndi moto ndi chinyezi.

Mankhwala a BP nawo musawasiye chifukwa choti mwachepetsa mchere kapena nambala yatsika. Yatsika chifukwa mankhwala ndi chakudya zikugwira ntchito limodzi. Pitirizani kupita kukiliniki pa tsiku lanu, buku lanu la kuchipatala lili m'manja, ndipo muwauze adokotala zimene mwasintha pa kadyedwe kuti aone ngati mlingo wa mankhwala ufunika kusintha.