Chilolezo chogwirira ntchito cha munthu wakunja ndi udindo wa bwana

Ku Senga Bay, m'boma la Salima, eni malo ogona alendo ambiri amakhulupirira kuti munthu wakunja pasipoti yake ikangodindidwa akhoza kuyamba ntchito, ndipo za mapepala n'zake yekha. Ayi ndithu. Chidindo cha pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena pa chipata cha Mchinji n'chodzachezera, osati chogwirira ntchito.

Chofunika ndi chilolezo chogwirira ntchito kwa kanthawi, Temporary Employment Permit, imene ambiri amangoti TEP, ndipo wokapempha ku Immigration ndi wolemba ntchitoyo. Bwanayo ayenera kusonyeza kuti ntchitoyo anailengeza kuno koma Mmalawi woidziwa sanapezeke. Ambiri amagwera pomwepa. Mwachitsanzo, ngati mukufuna kulemba wophika wakunja, mungawauze bwanji a Immigration kuti m'Salima monse mulibe wodziwa kuwotcha chambo? Amayembekezeranso kuti pakhale Mmalawi wophunzira pambali pa mlendoyo kuti adzalowe m'malo mwake.

TEP imakhala ya zaka 2, ndipo imagwira ntchito kwa bwana amene anaipempha yekhayo. Wophika akachoka pa loji yanu n'kukalowa pa loji yoyandikana nayo, chilolezo sichimutsatira. Bwana watsopanoyo akapemphe chake. Malipiro ndi mafomu zimasinthasintha, choncho kafunseni ku ofesi ya Immigration musanamuitanitse munthuyo.