Aphungu wamba akatopa kudikira chilolezo cha akuluakulu a chipani

Anthu kuno ku Zomba akadziwa kuti ntchito yanga ndi ya zamalamulo, amakonda kundifunsa kuti: "Phungu wathu analonjeza kukakamba nkhani yathu ku Nyumba ya Malamulo, nanga bwanji zaka zikutha osamva kanthu?" Nthawi zina vuto ndi ulesi wa phunguyo. Koma kawirikawiri vuto limagona pa ndandanda wa zokambirana. Bilu ikapanda kulowa pa ndandandawo palibe angaivotere, ngakhale aphungu ambiri ataifuna chotani. Ndipo wokonza ndandanda si phungu wamba. Kwathu kuno ntchitoyi ili m'manja mwa komiti ya Business Committee, momwe mumakhala Sipikala ndi atsogoleri a mbali ya boma ndi yotsutsa.

Ku America aphungu anapeza njira yolambalala akuluakuluwa, imene amaitcha discharge petition. Nyumba yawo ya House of Representatives ili ndi mipando 435. Bilu ikagonekedwa mu komiti kwa masiku 30 a zokambirana osakhudzidwa, phungu aliyense angathe kutsegula chikalata chopempha kuti biluyo ichotsedwe m'manja mwa komiti ndi kubwera m'Nyumba. Chikalatacho chimakhala kwa mlembi wa Nyumba, ndipo wofuna amapita yekha kukasaina. Masiginecha akakwana 218, omwe ndi oposa theka la Nyumba yonse, pamadutsa masiku 7 a zokambirana, kenako Sipikala sangakanenso kupereka mpata wa voti.

Kufika pa 218 ndiye ntchito yowawa. Chipani chotsutsa chilibe aphungu okwana nambala imeneyi, choncho pamafunika ena a chipani chachikulu alimbe mtima n'kusemphana ndi Sipikala wawo yemwe. Kale maina a osaina ankabisidwa mpaka nambala itakwana, ndipo phungu ankatha kuuza anthu akwawo kuti akuifuna bilu pomwe sanasaine. Mu 1993 phungu wina, Jim Inhofe, anatsogolera kusintha kwa lamuloli, ndipo kuyambira pamenepo maina amakhala poyera. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona mphamvu yeniyeni ya njirayi. Wovota amadziwa amene wasaina ndi amene wathawa. Komano akuluakulu a chipani nawonso amaona mainawo, ndiye wosaina amadziwiratu kuti wadziika padzuwa.

N'chifukwa chake zikalata zambiri zimafera panjira. Zopambana n'zowerengeka koma zina n'zikuluzikulu: lamulo la 1938 lokhazikitsa malipiro ochepetsetsa a wantchito, ndi lamulo la 2002 loyang'anira ndalama za kampeni. Nthawi zina kungoopseza kumakwana. Pa bilu ya ufulu wa anthu akuda imene inakhala lamulo mu 1964, wapampando wa komiti Howard Smith anaikhalira dala, koma ataona kuti chikalata chatsegulidwa ndipo anzake am'tembenukira, anaimasula.

Chitsanzo chaposachedwa ndi cha 2025. Aphungu awiri, Thomas Massie wa chipani cha Republican ndi Ro Khanna wa Democrat, ankafuna kuti boma litulutse mafailo a mlandu wa Jeffrey Epstein, munthu wolemera amene ankaimbidwa mlandu wozembetsa atsikana aang'ono kuti azigonedwa, pomwe Sipikala Mike Johnson sankafuna voti imeneyi. Ku Republican, chipani chachikulu cha Sipikalayo, aphungu anayi okha ndiwo anasaina. Siginecha ya nambala 218 inachokera kwa phungu watsopano wa Democrat, Adelita Grijalva, pa 12 Novembala, tsiku limene analumbiritsidwa atadikiritsidwa masabata angapo chisankhidwireni. Voti itachitika, aphungu 427 anavomera, mmodzi yekha anakana. Taonani nambala zimenezi: anthu amene ankaopa kugwira cholembera pafupifupi onse anavomera bilu itangofika poyera. Zikusonyeza kuti chimene chinkatsekereza sichinali maganizo a aphungu, koma dzanja losunga ndandanda.

Nanga kwathu? Kuyambira pamene Nyumba ya Malamulo inkakumana m'munsi mwa phiri kuno ku Zomba, isanasamukire ku Lilongwe, mwambo wathu ndi wa ku Britain, kumene ntchito za boma ndizo zimatenga nthawi yambiri ya Nyumba. Phungu wamba ali nalo khomo lake: angathe kubweretsa bilu m'dzina lake, ndipo Lachinayi ndilo tsiku la nkhani za aphungu oterewa. Koma khomoli n'lopapatiza. Ayenera kupempha kaye chilolezo cha Nyumba, nthawi ndi yochepa, ndipo gawo 57 la malamulo aakulu a dziko silimulola kubweretsa bilu yokhudza misonkho kapena kutapa m'thumba la boma popanda kalata ya Nduna ya Zachuma.

Ambiri amadziwa gawo 65 ngati lothana ndi aphungu osintha chipani. Ochepa amadziwa kuti ndime yachiwiri ya gawo lomweli imapatsa phungu ufulu wonse wovota mmene akufunira, ndipo imati sangalandidwe mpando chifukwa chongovota mosemphana ndi chipani chake. Ufuluwu unaonekera mu Julayi 2002, pamene bilu ya phungu Khwauli Msiska yochotsa malire a materemu a pulezidenti inapeza mavoti 125 pomwe inkafunika 128. Nkhani imeneyi imatikumbutsanso kuti bilu ya phungu wamba ingathe kukhala chida cha akuluakulu omwewo, pofuna kubisala kumbuyo kwa munthu mmodzi.

Chimene gawo 65 silingateteze ndi mapulaimale. Phungu wosamvera sachotsedwa m'Nyumba, koma chisankho chikayandikira amapeza kuti chipani chakonzeratu munthu wina, unduna wam'dutsa, ndipo makomiti abwino am'mana. Kuyambira 1995, pamene gawo 64 lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo linafafanizidwa, phungu amaopa kwambiri likulu la chipani kuposa anthu a m'dera lake.

Ine ndikufuna Malawi ayese njira ya masiginecha. Sipafunika kusintha malamulo aakulu a dziko, chifukwa Nyumba imadzipangira yokha malamulo a kayendetsedwe kake. Lero aphungu athu alipo 229, ndiye oposa theka ndi 115. Lamulo lingathe kunena kuti 115 akasaina poyera, bilu ilowe pa ndandanda wa Lachinayi lotsatira, ndipo maina awo asindikizidwe kuti wa ku Jali kapena ku Thondwe adziwe ngati phungu wake alipo. Ndikudziwa kuti ena angagwiritse ntchito njirayi pofuna kungovutitsa boma, ndipo ndalama zingalowepo pogula masiginecha. Koma kusaina sikudutsitsa bilu, kumangoifikitsa pa voti, ndipo ikadutsa imadikirabe siginecha ya pulezidenti monga bilu ina iliyonse.